Khasu la aNangozo ndi Munthu Amene Analisunga

Mayi Vainess Gwaza, amene Amalawi a ku South Bend ndi ku Indianapolis, mizinda ya kuno kutsidya la nyanja, tinkawatcha aNangozo, anatisiya mu Malichi 2024 ali ndi zaka 76. Sanakhalepo mkulu wa mpingo, sanalalikepo pa guwa, ndipo a kwaya atawayesa kawiri anawapempha mwaulemu kuti azingowomba m'manja. Komabe mbiri yawo ndi yoyenera kulowa m'kalata ya mpingo ino. Amene anaumirira kuti ilembedwe ndi bambo Mervin Kadango, wapampando wathu wakale, ndipo anapempha chinthu chimodzi chokha, kuti mbali yawo isabisidwe ngakhale ndi yochititsa manyazi.

ANangozo anabadwa mu 1948 m'mudzi wina wa m'mapiri a kumadzulo kwa Ntcheu, kufupi ndi malire. Agogo awo aamuna, a Sofoniya, anali m'gulu la anyamata oyamba kulowa kalasi pamene Mawu a Mulungu ankafika kumene m'dziko la Angoni. Azungu a mishoni anali ochepa, ndipo nthawi zambiri ankakhala ku mishoni konko. Amene ankanyamula Mawu mudzi ndi mudzi anali aphunzitsi onga a Sofoniya, oyenda opanda nsapato, sileti m'khwapa, thumba paphewa. M'thumba la a Sofoniya munkakhala makasu akutha amene ankapempha kwa amayi m'minda. Belu linali la ku mishoni kokha, choncho iwo akafika pamudzi ankapachika khasu pamtengo n'kumaligogoda ndi chitsulo. Ana ankabwera kudzaona zilembo, akulu ankabwera kudzaseka. Patapita milungu ingapo, mphunzitsi uja ankasiya khasulo m'manja mwa munthu mmodzi wa pamudzipo n'kupitirira kutsogolo. Ndipo aNangozo ankanena kuti paliponse pamene panatsala khasu panadzamera kachisi wa udzu.

A Sofoniya atakalamba anachita khungu. Vainess, ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndiye ankawagwira ndodo popita ku tchalitchi, ndipo mbiri zonsezi anazimvera m'njira imeneyo. Atatsala pang'ono kumwalira anamuitana mdzukulu wawoyo n'kumupatsa khasu lomaliza la m'thumba muja, lopyapyala, lokhala ndi kachingwe pa msuka. "Ili linatsala lopanda mudzi," anatero. "Udzalipezere mudzi wake."

Vainess anakwatiwa ndi a Lyson Gwaza, amene anapita ku migodi ya ku Joni ali chimphona n'kubwerako akutsokomola. Anawadwazika zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo anakhala wamasiye asanakwanitse zaka makumi anayi. Mwa ana asanu amene anabereka, awiri anawaika m'manda chaka chimodzi. Anapeza ntchito yokolopa m'chipatala, ndipo kumeneko anadziwika ndi ntchito imene sanalembedwere, yosambitsa maliro a anthu opanda abale. Akaweruka ankadutsira m'makomo mwa odwala. Wina akawauza kuti, "Tikupemphererani, mayi," iwo ankayankha kuti, "Zikomo, koma pemphero ndi miyendo." M'zaka zonsezo khasu lija linali pansi pa sutikesi, lokulungidwa m'chitenje.

Mu 2009 mwana wawo Chrissie, namwino ku South Bend, anawaitana kuti adzamuthandize kulera khanda. Anafika mu Disembala, chipale chofewa chili mbuu, atavala majuzi atatu ndi nsapato za pulasitiki. Chingerezi chawo chinali cha moni basi, koma pasanathe miyezi itatu anali ataloweza mabasi a mumzinda kuposa ife amene tinakhalamo zaka khumi. Ankadziwa wophunzira amene wagona ndi njala, mayi amene wachira ku chipatala, ndi bambo amene wasiya kuyankha foni. Adzukulu ankawayankha m'Chingerezi, iwo n'kumapitiriza m'Chichewa, ndipo nkhani inkatha bwinobwino.

Nthawi imeneyo tinkapemphera Lamulungu masana m'chipinda chapansi cha tchalitchi china chobwereka, pakatikati pa mzinda. Mapemphero a thu koloko ankayamba cha m'ma fili, chifukwa anthu ankaima panja kufunsana za kumudzi ngati anasiyana chaka chatha. Tsiku lina aNangozo anatulutsa khasu lija, analigwira pa kachingwe, n'kuligogoda ndi msomali wa sikisi inchi. Linalira mokweza kuposa msinkhu wake, ndipo anthu analowa akuseka. Kuyambira pamenepo linkakhala m'kabati ya nyimbo, ndipo Lamulungu lililonse thu koloko ikakwana linkalira.

Amene sankaseka anali a Kadango. Bambowa ankagwira ntchito ya makompyuta, anali munthu wa suti ndi ndondomeko, ndipo ankaukonda mpingo moona mtima. Chimene ankalakalaka n'chakuti eni tchalitchi atione ngati anthu olongosoka. Khasu likalira iwo ankamva kutentha kumaso, makamaka tsiku limene mlonda wa nyumbayo anatsika akuthamanga poganiza kuti paipi yaphulika. ANangozo akaimirira nthawi ya maumboni kuti afotokoze za a Sofoniya, ankafika pa mawu akuti "ndiye pochoka ankalisiya kwa munthu amene," a Kadango n'kuyang'ana wotchi. "Mwachidule, mayi, taimu yatha." ANangozo ankakhala pansi osadandaula. Anawadula chonchi kangapo, moti mathero a nkhaniyo a Kadango sanawamvepo.

Mu Novembala 2014 mpingo unakonza chikondwerero, n'kuitana eni tchalitchi ndi alendo ena a mumzinda. Loweruka, pokonza mipando, a Kadango anatsegula kabati ija n'kuona khasu lili pamwamba pa mabuku. Anaganiza za alendo akulijambula ndi mafoni, akumwetulira kumwetulira kuja kumene munthu amamwetulira mwana akamuonetsa galimoto ya mawaya. Analitenga, analiika m'buti ya galimoto yawo pansi pa tayala la sipeya, n'kudziuza kuti Lolemba alibweza.

Lamulungu aNangozo anafika msanga, msomali uli m'manja. Anatsegula kabati, anatulutsa mabuku onse, anawabwezeramo, kenaka anapita kwa wapampando.

"Bambo, khasu lija mwaliona?"

"Ayi, mayi," anatero a Kadango akukonza tayi. "Mwina oyeretsa analitaya. Mukudziwa kuno, chitsulo chakutha amangoti ndi zinyalala."

Mawuwo anatuluka mosavuta moti eni akewo anadabwa nawo. Chikondwerero chinayenda bwino, alendo anayamikira, ndipo a Kadango anagona mtima uli m'malo. Lolemba madzulo Chrissie anawaimbira foni. Anati amayi anakwera basi m'mawa, anapita kuseri kwa tchalitchi, ndipo anakhala maola awiri akuvundukula chibini cha zinyalala ndi manja m'chisanu chija, mpaka zala zinachita dzanzi. "Mukawafunseko eni ake, ankolo," anatero Chrissie. "Amayi sakudya."

A Kadango analonjeza kuti afunsa. Atadula foni anakhala m'galimoto nthawi yaitali, khasu lili kumbuyo kwawo. Dzulo lake kubweza kunali kosavuta, akanangoti analisunga kuti lisasowe. Tsopano kubweza kunatanthauza kuvomera kuti iwo, wapampando, anasiya mayi wamasiye akufukula zinyalala. Manyazi anawakulira kuposa chisoni, ndipo anasankha kudikira tsiku labwino. Paja akulu anati zengerezu adalinda kwawukwawu.

Lamulungu lotsatira kunagwa chipale chambiri, Chrissie anali pa shifti, ndipo a Kadango anawatenga aNangozo pa galimoto kuwaperekeza kunyumba. Powoloka njanji galimoto inadumpha, ndipo kumbuyo kunamveka kulira kwa chitsulo chogunda jeke. A Kadango anakweza wailesi. ANangozo anali kuyang'ana pawindo, manja ali pamiyendo, mpaka anafika. Potsika anati, "Bambo, Loweruka muli ndi chochita? Kuli mnyamata wa ku yunivesite wagonekedwa, ndipo mabasi a Loweruka ndi ovuta." Tsiku lomwelo a Kadango anachotsa khasu m'buti, analikulunga m'thaulo, n'kulibisa mu galaja kuseri kwa zitini za penti.

Loweruka anapita. Akanakana bwanji? Loweruka linalo aNangozo anali ndi wodwala wina, linalo namfedwa, linalo banja limene linali pafupi kutha. A Kadango poyamba ankatsala m'galimoto injini ikulira. Kenaka aNangozo anayamba kuwapempha kuti awanyamulire chikwama mpaka pakhomo, kenaka kuti awawerengere vesi chifukwa magalasi aiwala, kenaka kuti atseke ndi pemphero chifukwa pakhosi pawauma. Magalasi amenewo anaiwalika Loweruka lililonse kwa zaka zisanu. Munthu amene ankadziwa mpingo pa ndandanda wa maina anayamba kuudziwa m'makhitchini ndi m'mawodi. Anthu ankamuyamikira kuti wapampando wathu ndi wodzichepetsa, ndipo mawu amenewo ankamubaya, chifukwa iye ankadziwa chimene chinkamuyendetsa.

ANangozo sanatchulenso za khasu. Thu koloko ikakwana ankaima pakhomo n'kumakoka anthu pa mkono mmodzimmodzi, ndipo mapemphero anabwerera ku fili koloko. Nthawi ya maumboni sanaimirirenso. A Kadango akalowa mu galaja kukatenga fosholo ya chipale, maso awo ankathawa pakona paja. Kangapo anafika potsegula pakamwa ali m'galimoto, koma aNangozo ankakhala akung'ung'udza nyimbo mosalongosoka monga mwa masiku onse, ndipo mawu ankabwerera m'mimba. Ngakhale akazi awo, mayi Joan, sanawauze.

Mu 2019 Chrissie anapeza ntchito ku Indianapolis, ndipo banja linasamukira ku Beech Grove, m'mphepete mwa mzindawo. Kumeneko popanda galimoto munthu sayenda, koma aNangozo sanasowe owanyamula. Pasanathe chaka anali atasonkhanitsa mabanja asanu ndi awiri amene ankapemphera m'chipinda chochezera cha munthu wina ku Lawrence, dera lina la konko, ndipo gulu limenelo lilipo mpaka lero. Ku South Bend a Kadango anatula pansi udindo wa wapampando, koma Loweruka likafika ankapezeka atayimika galimoto pakhomo pa wodwala, okha, popanda wowatuma. Ankaganiza kuti mtunda uwapeputsa mtima. Koma mlandu suola.

Zaka zomaliza za aNangozo zinali za matenda. Mtima unafooka, miyendo inatupa, ndipo makutu anayamba kutsekeka mpaka munthu ankayenera kufuula kuti amve. Iwo ankaseka n'kumati Mulungu wawachotsera miseche. Atalephera kuyenda, ankapempha kuti odwala anzawo aziwaimbira pa foni ya kanema, kuti angowaona nkhope n'kuwapempherera.

Lolemba lina m'mawa mu Malichi, Chrissie anaimbira a Kadango. "Ankolo, amayi awadistchaja, koma si kuti achira. Madokotala akuti tingowasamalira kunyumba. Ngati mukufuna kuwaona, musadileye."

A Kadango analowa mu galaja, anasuntha zitini za penti, natulutsa thaulo lija. Mayi Joan anawapeza ataima pakati pa galaja, khasu lili m'manja, ladzimbiri m'mphepete. Analiyang'ana, anayang'ana amuna awo, ndipo anamvetsa zonse popanda kufunsa.

"Zaka zonsezi, bambo a Upile?"

"Zaka zonsezi."

"Ndiye mukudikira chiyani? Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Draivani, ine ndikuuzirani ku ntchito."

Ulendo wa ku Indianapolis ndi wa maola awiri ndi theka, ndipo a Kadango anauyenda ndi mantha amodzi, akuti akapeza anthu akulira. Khasu analiika pa mpando wa kutsogolo, pamene aNangozo ankakhala. Njira yonse ankakonza mawu oti akanene, mawu aulemu, otsika, oti akawanong'oneze pambali popanda wina kumva.

Ku Beech Grove anapeza nyumba yodzaza. Amayi a ku Lawrence anali m'chipinda chochezera, ena kukhitchini, ndipo chitseko cha chipinda cha odwala chinali chotsegula. ANangozo anali atatsamira mapilo, atachepa thupi, koma maso ali omwe aja. A Kadango anagwada pambali pa bedi, ndi suti yomwe, n'kuyamba mawu awo okonzedwa aja motsitsa.

"Mukuti chiyani, bambo?" anatero aNangozo.

Anabwerezanso mokwezako pang'ono. ANangozo anapukusa mutu n'kuloza khutu. Chrissie, ali pakhomo, anati, "Ankolo, mukuyenera kushauta. Sakumva."

A Kadango anayang'ana chitseko chotsegula chija, ndipo anaona mitu ya amayi itatembenukira kwa iwo. Anamasula thaulo, anaika khasu pa bulangeti, ndipo munthu amene moyo wake wonse ankaopa kuchita manyazi pagulu anafuula kuti, "Khasu lanu ndinaba ndine! Oyeretsa sanataye. Ndinakunamizani, mayi, ndipo ndinakusiyani mukufukula zinyalala. Ndikhululukireni."

ANangozo anasisita khasu lija ndi zala pang'onopang'ono, anakonza kachingwe ka pa msuka, kenaka anamwetulira.

"Ndinalimva pa njanji paja," anatero. "Mayi salakwitsa kulira kwa mwana wake, ngakhale mukweze wailesi."

"Ndiye bwanji simunanene?" anafunsa a Kadango mofuula, misozi ikutsika.

"Ndinakwiya, bambo, musaganize kuti ndine mngelo. Mlungu wathunthu ndinkakupemphererani ndi mano okukuta. Kenaka ndinakumbukira nkhani ija munkaidula. Lero muli ndi taimu?"

A Kadango anagwedeza mutu.

"Agogo pochoka pamudzi sankasiya khasu kwa munthu wokhulupirira. Wokhulupirira ali kale ndi belu mumtima. Ankalisiya kwa uja amene ankaseka kwambiri, uja amene ankachita nalo manyazi. Ankangoti, ndisungireni, ndalemedwa. Munthu uja ankaliponya kuseri kwa nkhokwe. Koma chitsulo chimenechi sichigonetsa tulo. Agogo akamadzadutsanso patapita chaka, kapena zaka zitatu, ankapeza yemwe uja ndi amene akuligogoda." Anapuma kaye kuti apeze mpweya. "Ine ndinkaganiza kuti ndidzasankha ndekha wolisunga. Inu munadzisankha nokha. Chotsala chinali kukupatsani miyendo."

A Kadango anaweramitsa mutu pa bulangeti. Zaka zisanu za ma Loweruka zinawabwerera, magalasi oiwalika aja, pakhosi pouma paja, ndipo anazindikira kuti nthawi yonse imene ankaganiza kuti akubisa tchimo, mayiwa anali kuwalima ngati munda.

"Taligogodani ndilimve," anatero aNangozo. Pansi pa pilo anatulutsa msomali uja wa sikisi inchi. Anali ataunyamula kuchoka ku South Bend.

A Kadango anagwira kachingwe n'kugogoda. Khasu linalira monga kale, mpaka amayi a kukhitchini anabwera pakhomo. ANangozo anatchera khutu, anadikira, kenaka anati, "Mwagogoda kale?" Apa m'pamene a Kadango analira ngati mwana, chifukwa anaona chimene anaba. Chitsulo anabweza, koma zaka pafupifupi khumi zimene makutu aja akanalimva sakanazibweza. ANangozo anatambasula dzanja, anakhudza khasu ndi nsonga za zala, n'kuwauza kuti agogodenso. "Eya," anatero, maso ali otseka. "Likunjenjemera. Ndi lomwe lija."

A Kadango anafuna kulisiya pa tebulo pambali pa bedi, koma aNangozo anakankha dzanja lawo. "Ine ndikupita kumene kulibe ochedwa. Tengani. Mudzi wake unapezeka kale."

Anamwalira Lachinayi masana, dzuwa likulowera pawindo, Chrissie atawagwira dzanja ndipo amayi a ku Lawrence akuimba motsitsa. Anangopuma kamodzi mozama ngati munthu amene watula mtolo pakhomo. Pa maliro panabwera anthu amene ife sitinkawadziwa n'komwe, ochokera ku Chicago, ku Ohio ndi kwina, ndipo aliyense anali ndi tsiku lake limene mayi wina wa majuzi atatu anagogoda pakhomo pake.

Chitsanzo chimene atisiyira si chovuta kuchitchula, ngakhale n'chovuta kuchitsata. Anali ndi mlandu woti akanatha kumugwetsa nawo munthu pamaso pa mpingo wonse, ndipo anasankha kumuyendetsa nawo m'makomo mwa odwala. A Kadango amati kukhululukidwa sikunawachotsere manyazi, ndipo safuna kuti awachoke. Lamulungu loyamba atabwerako ku maliro anaimirira nthawi ya maumboni n'kufotokoza zonse zimene mwawerengazi, ndipo palibe amene anayang'ana wotchi.

Amene mumafika mochedwa mwina simunaonepo, choncho yesani kubwera msanga Lamulungu likudzali. Thu koloko ikakwana mudzapeza bambo wa suti ataima panja pa khomo la chipinda chapansi, pamene anthu odutsa mumsewu amamuona bwinobwino, khasu lakutha lili m'dzanja lamanzere, msomali kudzanja lamanja. Amagogoda katatu, kenaka amaligwira ndi nsonga za zala mpaka litasiya kunjenjemera.